Mkaka Wosasa Si Wotaya: Mau kwa Anthu a ku Fort Lister

Pali mau amene amamveka kawirikawiri pamzere wa kusikelo, alangizi a zaumoyo akangotchula yogati. Amayi amaseka, nati, "Zimenezo n'za ana a m'tauni." Ena amaonjeza kuti mkaka ukasasa ndiye kuti waonongeka, woyenera kuupereka kwa galu. Ine ndikutsutsana nawo maganizo onse awiriwa, ndipo ndikufuna kulankhula makamaka ndi inu amene mumakhala pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi, pampata wa Fort Lister, kuyambira pa Phalombe mpaka kutsikira kwa Nkhulambe. Ndasankha inu chifukwa ndi anthu ochepa m'dziko muno amene amagwiritsa ntchito mafupa awo ngati anthu a m'mapiri.

Mpata umenewu unazolowera kuona anthu olemedwa. Kale amalonda a akapolo ankadutsitsa anthu pamenepa popita kunyanja yamchere, ndipo n'chifukwa chake boma la atsamunda, motsogozedwa ndi Harry Johnston, linamangapo linga m'chaka cha 1893 kuti litseke njirayo. Lingalo linasiyidwa patangopita zaka pafupifupi khumi, ndipo lero patsala mabwinja ndi manda. Ukapolo unatha, koma kusenza sikunathe ayi. Mtsikana wa zaka 12 amatsika m'phiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Mayi amakwera chitunda ndi ndowa ya malita 20, imene kulemera kwake ndi makilogalamu 20, mwana ali kumsana. Anyamata amanyamula katundu wa alendo okwera phiri kupita ku Sombani, ndipo abambo amakankha njinga ya matumba a nandolo kupita kumsika. Katundu yenseyu amatsamira pa khosi, msana, chiuno ndi miyendo. Kodi mafupa amenewa timawadyetsa chiyani?

Ambiri timaganiza kuti fupa lili ngati mtengo wouma umene ukakula wakula. Si choncho. Fupa ndi lamoyo: lili ndi mitsempha ya magazi, ndipo tsiku ndi tsiku thupi limagumula mbali zakale za fupa ndi kumanga zatsopano. Chimene chimalimbitsa fupa ndi mchere wina wa m'zakudya wotchedwa kashiyamu. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo m'thupi mwake muli kashiyamu wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Mwa magawo 100 a kashiyamu ameneyu, magawo 99 ali m'mafupa ndi m'mano. Gawo limodzi lotsalalo lili m'magazi ndi m'minofu, ndipo ndi lofunika kwambiri pa kugunda kwa mtima, kugwira ntchito kwa minofu, ndi kuundana kwa magazi pabala. Thupi sililola kuti gawo limenelo lichepe. Chakudya chikapanda kubweretsa kashiyamu wokwanira, thupi limakatapa m'mafupa, monga momwe banja limatapira m'nkhokwe munda ukakanika.

Nkhokwe imeneyi ili ndi nyengo yake yodzazira. Imadzazidwa paubwana, makamaka pamene mwana akutha msinkhu, ndipo pofika zaka 30 ntchitoyo imakhala yatha. Kuchokera pamenepo munthu amangosunga zimene anatuta. Akuluakulu anati mmera m'poyamba, ndipo pankhani ya mafupa mau amenewa ndi oona kotheratu. Mayi akasiya kusamba, mafupa ake amayamba kutha mofulumira kuposa a bambo. Kunja amaoneka abwinobwino, koma m'kati amakhala atachita timabowo ngati chimanga chodyedwa ndi anankafumbwe. Choopsa n'chakuti kufumbwa kumeneku sikupweteka. Agogo amangozindikira tsiku limene aterereka panjira yamatope, n'kuthyoka mkono kapena fupa la m'chiuno pakugwa kumene mwana akanangodzuka n'kusasa fumbi. Ena msana umapindika pang'onopang'ono, msinkhu n'kufupika, anthu n'kumati ndi ukalamba chabe.

Taganizani za munthu wothyoka m'chiuno kumudzi wa m'mpatamo nthawi ya dzinja. Ayenera kunyamulidwa pamachira mpaka pamseu, kenaka kupeza galimoto yomufikitsa kuchipatala. Kumeneko angagone milungu yambiri mwendo utakokedwa ndi zitsulo, ndipo wina wa pabanja ayenera kusiya khasu kuti akhale womudikirira. Okalamba ambiri othyoka motere sayendanso ngati kale. M'midzi yathu agogo aakazi ndiwo alera ana amasiye, choncho fupa limodzi likathyoka nyumba yonse imagwedezeka.

Akatswiri a mabungwe a WHO ndi FAO amati munthu wamkulu amafunika kashiyamu wokwana mamiligalamu 1,000 patsiku, ndipo achinyamata a zaka 10 mpaka 18 pamodzi ndi amayi amene anasiya kusamba amafunika 1,300. Tsono tiyeni tiyang'ane m'mbale yathu. Nsima ndi chakudya chabwino chopatsa mphamvu, ndipo palibe amene akuti tiisiye, koma kashiyamu ilibe: m'magalamu 100 a chimanga simufika ngakhale mamiligalamu 10 mpaka 20. Chinangwa ndi mpunga nazonso n'zosauka. Koma kapu imodzi ya mkaka, ya mamililita 250, ili ndi mamiligalamu pafupifupi 300. Ndipo nayi mfundo imene ndikufuna kuti muigwiritsitse: mkaka ukasasa, kashiyamu sachokamo. Kapu ya chambiko kapena ya yogati ili ndi kashiyamu wofanana ndi kapu ya mkaka wongokama kumene.

Ndikudziwa chimene ambiri a inu mudzayankha. "Ine mkaka sundiyanja, umanditupitsa m'mimba ndi kunditsegula." Simukunama, ndipo sikuti mwalodzedwa. Mu mkaka muli mtundu wa shuga umene mwana woyamwa amaugaya mosavuta, koma anthu ambiri a mu Africa ndi ku Asia akakula mphamvu yougaya imachepa. Shugayo akafika m'matumbo osagayika amabweretsa mpweya ndi kupotokola. Apa ndi pamene pali ubwino wa mkaka wosasitsa. Tizilombo tabwino timene timasasitsa mkaka timadya gawo la shuga ameneyu ndi kumusandutsa kuwawasa kuja, ndipo ta mu yogati timathandizanso kugaya wotsalayo m'mimba. Motero anthu ambiri amene sangamwe mkaka wamba amadya yogati kapena chambiko popanda vuto, makamaka akayamba ndi theka la kapu pamodzi ndi chakudya china.

Nanga zoti n'za m'tauni zinachokera kuti? Anthu a ku Karonga, amene amaweta ng'ombe kuyambira kalekale, akhala akudya chambiko makolo athu asanaone sitolo. Angoni anabwera nacho chizolowezi cha amasi kuchokera kummwera, ndipo ku Zambia mkaka womwewu amautcha mabisi. Dzina lakuti yogati linachokera m'chilankhulo cha ku Turkey, ndipo chinali chakudya cha abusa a ziweto, osati cha mabwana. M'chaka cha 1905 mnyamata wina wa ku Bulgaria wophunzira udotolo ku Geneva, Stamen Grigorov, ndiye anazindikira kachilombo kamene kamasasitsa yogati. Pamene Isaac Carasso anayamba kupanga yogati wogulitsa ku Barcelona mu 1919, ankamugulitsira m'masitolo a mankhwala. Kusiyana kwa ziwirizi n'kochepa: yogati amasasa pamalo ofunda ndi mitundu iwiri yodziwika ya tizilombo, pamene chambiko chimasasa pakutentha wamba kwa m'nyumba. Ku mafupa zonse n'chimodzimodzi.

Chimene chimandiwawa mtima ndi ichi. Kuyambira pamene fakitale ya mkaka inatsegulidwa ku Blantyre mu 1969, alimi ang'onoang'ono a m'maboma oyandikana nafe, monga Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, akhala akuweta ng'ombe zamkaka ndi kuperekera mkaka kumalo osonkhanitsira a magulu awo, ambiri mwa iwo pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association. Ndi ntchito yotamandika, yaphunzitsa ana ambiri sukulu. Koma m'nyumba zina mkaka wonse umakwera njinga m'mawa, osatsala ngakhale kapu imodzi. Umapita kutauni, ndipo umabwerera kuno uli m'kabotolo kokongola, wothiridwa shuga ndi utoto, pamtengo umene mlimi yemweyo sangaukwanitse. Mwana wa woweta ng'ombe n'kumakula osadziwa kukoma kwa mkaka! Bambo, ndalama ya lita imodzi ndi yofunika, sindikukana. Komabe lita imodziyo ikatsala pakhomo ndi makapu anayi a ana anu anayi.

Ndisanafotokoze kapangidwe, pali chenjezo limene silifunika kulinyozera. Mkaka wosasa mwangozi, wosawiritsa, wokhala m'chigubu chosatsuka, si chambiko chimene ndikunena. Mkaka wosawiritsa ungathe kufalitsa chifuwa chachikulu cha ng'ombe, ndi matenda ena amene amachititsa ziweto kutaya bere ndipo kwa anthu amabweretsa kutentha thupi kosatha ndi kuphwanya m'mfundo. Kusasa pakokha sikupha tizilombo toipa tonse. Lamulo ndi limodzi: yambani mwawiritsa, kenaka sasitsani mwadala.

Tengani lita imodzi ya mkaka, muusefe pa kansalu koyera, ndipo muuwiritse mumphika kapena m'poto wotsuka bwino, mukutakasa kuti usapserere. Ukawira uphuleni, muvundikire, ndipo muusiye uzizire mpaka ukhale wofunda chabe. Kuti mudziwe, donthezani pang'ono pamkono: uzimveka wofunda ndithu koma wosaotcha. Ukatentha kwambiri umapha mbeu, ukazizira kwambiri mbeuyo imagona. Mbeu imene ndikunena ndi masipuni aakulu awiri a yogati wogula, makamaka woyera wopanda zipatso. Thirani, takasani pang'ono, vundikirani, ndipo kulungani mphikawo m'bulangete kapena m'zitenje ziwiri, muuike m'dengu pafupi ndi mafuwa. Amene ali ndi fulasiki ya tiyi angathire m'menemo. Musaugwedeze kapena kuvundukula kuti muone. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapita maola 6 mpaka 8 mudzaupeza utagwirana. M'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chikuomba m'mpatamo, pamafunika nthawi yoonjezera ndi chofunda chokhuthala. Mukafuna chambiko, chitani chimodzimodzi koma dikirani mkaka uzizire ndithu, thiranimo chambiko chabwino pang'ono, ndipo muusiye usiku wonse mpaka mawa lake. Popanda firiji pangani wokwanira tsiku limodzi kapena awiri, ndipo sungani chiwiyacho chovundikira m'beseni la madzi ozizira pamthunzi. Mukaona nkhungu, thovu lambiri, mtundu wachilendo, kapena fungo loola m'malo mwa fungo lowawasa, tayani.

Tsono tifike pa kadyedwe, pakuti chakudya chimene sichikoma sichilowa m'nyumba kawiri ngakhale adotolo atachilalikira motani. Kulakwa kwa ambiri n'kopatsa mwana yogati wowawasa payekha ngati mankhwala, mwana n'kukwinya nkhope, nkhani n'kuthera pomwepo. Chonsecho dera lathu ndi la zipatso. Nthochi yakupsa kwambiri, ija yayamba madontho akuda imene ogula amaikana pamsika, mukaikanya ndi foloko mu kapu ya yogati simufunikanso shuga. Nyengo ya mango, pamene zipatso zikuolera pansi pa mitengo, finyani mango awiri m'mbale ya chambiko ndipo muone ngati ana adzasiyako. Papaya, magwafa ochotsa njere, ndi chinanazi cha ku Mulanje chodula tizidutswa, zonse zimagwirizana naye. Peyala lokanyidwa ndi yogati ndi chakudya chabwino kwambiri kwa wodwala amene akuchira ndiponso kwa nkhalamba yopanda mano. Ufa wa malambe ndiwo ndimaukonda koposa, chifukwa nawonso uli ndi kashiyamu, ndipo umakhuthalitsa chambiko mpaka kudyeka ndi sipuni. Koma popeza zonse ziwiri n'zowawasa, pamenepo kashuga pang'ono kapena nthochi n'zololedwa.

M'mawa, phala la mgaiwa lothira nsinjiro likapsa, liphuleni, lipole pang'ono, ndipo muthiremo masipuni atatu kapena anayi a yogati m'mbale ya mwana aliyense. Limazizira msanga, mwana wa sukulu sachedwa, ndipo limakhalitsa m'mimba. Mbatata yootcha kapena chinangwa chophika, zimene zimatsamwitsa pakhosi zikadyedwa zouma, zimatsetsereka bwino ndi kapu ya chambiko kuposa ndi tiyi wopanda mkaka. Mkute nawo usatayidwe: utenthetseni bwino, muunyenyenyenye m'mbale, muthire chambiko. Umu ndi momwe abale athu a kummwera kwa Africa amadyera amasi, ndipo masana a mwezi wa October, pochokera kumunda, palibe chakudya chotsitsimula ngati chimenechi. Amayi ophika zigumu adzapeza kuti chambiko ndi soda pang'ono zimafufumitsa chigumu ndi kuchifewetsa. Moto umapha tizilombo tabwino tija, koma kashiyamu sapsa.

Abambo ena amati zotsekemera n'za ana. Chabwino. Amwenye, amene akhala akudya mkaka wosasa kwa zaka zosawerengeka, amaudya ngati ndiwo: amadula nkhaka, tomato ndi anyezi tating'onoting'ono, nasakaniza ndi yogati, kamchere pang'ono ndi tsabola. Yesani ndi kambuzi wathu pambali pa mpunga wa ku Chilwa ndi nandolo. Amasungunulanso yogati ndi madzi abwino akumwa, natakasa mpaka achite thovu, n'kukhala chakumwa. Ife tingasakanize chambiko ndi thobwa la mawere, ndipo pamenepo tapindula kawiri, pakuti mwa mbeu zonse zaufa mawere ndiwo ali ndi kashiyamu wochuluka, woposa mamiligalamu 300 m'magalamu 100. N'zachisoni kuti mbeu imeneyi tikuisiya.

Za yogati wa m'sitolo ndinene mwachidule. Ndi wabwino, koma wotsekemera uja ali ndi shuga wambiri amene amaononga mano ndipo sayenera odwala matenda a shuga. Yang'anani tsiku lothera ntchito, ndipo musagule botolo lotupa kapena lokhala padzuwa. Timapepala toundana togulitsidwa pamseu, topanda dzina la wopanga, nthawi zambiri simudziwa madzi ndi manja amene anatipanga.

Wina adzafunsa kuti, "Nanga ife opanda ng'ombe?" Funso limeneli ndi lachilungamo, makamaka kwa mabanja amene anataya ziweto ndi minda pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Poyamba, mbuzi. M'chigwa cha Phalombe mbuzi zilipo zambiri, koma timaziona ngati ndiwo za pa Khirisimasi ndi ndalama ya fizi basi. Mkaka wa mbuzi uli ndi kashiyamu wosachepera wa ng'ombe, ndipo umasasa bwino. Mbuzi yathu yachikuda sipatsa wambiri, koma kapu imodzi patsiku, mwana wake atayamwa, ndi yokwanira kusintha phala la mwana mmodzi. Kuseka munthu wokama mbuzi ndi umbuli chabe. Mkaka waufa weniweni nawo umapanga yogati. Koma chenjerani ndi ufa woyera wothira mu tiyi umene umapangidwa ndi mafuta a zomera: umayeretsa tiyi, koma si mkaka, susasa, ndipo mafupa sapindula nawo.

Ndiyeneranso kunena poyera kuti mkaka si khomo lokhalo. Matemba a ku Chilwa, usipa ndi bonya, zimene timadya ndi minga yomwe, zili ndi kashiyamu wochuluka kwambiri, ndipo kwa mabanja ambiri ndizo zakhala zikusunga mafupa. Musadule mitu n'kutaya. Kwa ana aang'ono kazingani, sinjani, ndi kuthira ufawo m'phala kapena m'ndiwo. Koma nyanja ya Chilwa imaphwa, monga inachitira mu 1968, 1995 ndi 2018, ndipo ikaphwa matemba amasowa ndi kukwera mtengo. N'chifukwa chake sibwino kudalira chinthu chimodzi. Masamba obiriwira monga mpiru, repu, nkhwani, chigwada ndi cham'mwamba amathandiza. Bonongwe ali naye kashiyamu wambiri, ngakhale kuti thupi limangotengako gawo lochepa. Kuti kashiyamu alowe m'thupi pamafunika vitamini D, amene khungu limapanga likaombedwa ndi dzuwa. Ife dzuwa tili nalo, koma kumbukirani kutulutsa panja agogo ndi odwala ogonera m'nyumba. Kuyenda ndi kugwira ntchito kumalimbitsa mafupa. Fodya ndi kachasu zimawafooketsa.

Kwa amayi oyembekezera nkhaniyi ili ndi mbali ina. Kusowa kashiyamu kumaonjezera chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi pa nthawi ya pakati, kumene kumatupitsa nkhope ndi manja, ndipo kukakula kumagwetsa mayi ngati wakhunyu. Bungwe la WHO limalangiza kuti m'madera amene anthu amadya kashiyamu wochepa, amayi oyembekezera azilandira woonjezera. Funsani anamwino kusikelo ya amayi. Koma mapiritsi oonjezera magazi musamwere mkaka kapena yogati; siyanitsani ndi maola awiri, chifukwa kashiyamu amatchinga mankhwalawo kulowa bwino. Chimodzimodzi ndi mankhwala ena opha tizilombo, monga doxycycline ndi ciprofloxacin. Amene ali pa ma ARV asayambe kumwa mapiritsi a kashiyamu asanafunse kuchipatala. Ndipo mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe chilichonse koma bere lokha. Akapitirira miyezi 6 angalawe yogati wopanda shuga m'phala, kwinaku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Uchi musamuthirire asanakwanitse chaka.

Pempho langa kwa alangizi a zaumoyo ndi amayi a m'magulu osamalira ana ndi lakuti nkhaniyi isathere pakamwa. Pa tsiku la sikelo bwerani ndi mphika wa yogati wopangidwa dzulo lake, dengu la nthochi ndi makapu otsuka, kuti amayi ndi ana alawe okha. Banja limodzi likagula kabotolo ka mbeu, lingagawireko nyumba zisanu, ndipo nyumba iliyonse izipatula masipuni awiri m'kabotolo koyera isanayambe kudya, kuti ikasasitsire mkaka wa mawa. Mbeu yotere imagwira bwino maulendo anayi kapena asanu. Mukaona kuti yogati wayamba kutuluka wamadzimadzi kapena wowawasa mopitirira, wina wopita ku Phalombe kapena ku Migowi mumutume kabotolo katsopano.